Kodi mumadziwa? Ngayaye imayamba kupangika chimanga chisanafike m'mawondo

Viikani njere ya chimanga m'madzi usiku wonse, m'mawa muing'ambe pakati. M'kamtima kake muli kale kamuzu ndi timasamba pafupifupi 5 topindanapindana. Chiwalo chilichonse, cha chomera kapena cha nyama, chimayamba chonchi, ngati kachotupa ka maselo kosaoneka bwino ndi maso. Asayansi amakatcha primordium.

Chimanga chikafika masamba 5 kapena 6, nsonga imene chimakulira imakhala ikadali m'munsi, pafupi ndi nthaka. Komatu pamenepo ngayaye yayamba kale kupangika, zitsononkho nazonso zayamba. Sipatenga nthawi, chiwerengero cha mizere ya njere pa chitsononkho chimakhala chakhazikika. Apa ndi pamene alimi ambiri timaluza osadziwa: tikachedwa kupalira kapena kuthira feteleza, kuchepa kwa njere timadzakuona pokolola, chonsecho kunachitika chimanga chili chanthete.

Kwa nyama nakonso ziwalo zimayamba msanga chonchi. Mwanapiye amatuluka m'dzira patatha masiku 21, koma mtima wake umayamba kugunda tsiku lachiwiri lokha thadzi litayamba kufungatira.

Kwa munthu, mtima umayamba kugunda patatha masiku pafupifupi 22 mayi atatenga pakati. Tinsonga ta manja timatumphuka m'sabata yachinayi, ndipo pofika tsiku la 28 kachubu kamene kamadzakhala ubongo ndi mtsempha wa mumsana kamakhala katatsekeka. Amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti ndi oyembekezera. Choncho mayi amene mukufuna kutenga pakati, kafunseni kuchipatala za mapiritsi a folic acid, othandiza kachubu kameneka kutsekeka bwino, nthawi isanakwane, ndipo sikelo muyambe msanga.