Moto wa pamafuwa ukudya ndalama za thonje ndi usipa

Mwezi wa June ukafika, mwera n'kuyamba kuwomba, moto woyamba pakhomo la Msilamu kuno ku Chinguluwe umayaka adhana ya Fajr isanamveke. Mayi amadzuka kukadali mdima, kufukula phulusa kuti aone ngati khala ladzulo likadali ndi moyo, n'kutereka madzi oti agogo apangire udhu, poti madzi amumtsuko nyengo imeneyi amaluma zala. Moto womwewo uwiritsa tiyi ndi mbatata. Masana wina wa nsima. Kukakhala kuti ndiwo ndi nyemba ndiye basi, chikuni chifuka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Madzulo nsima ina, madzi osamba ana, kenaka banja lonse lizungulira mafuwa kuotha mpaka nthawi ya Isha itadutsa.

Mufunseni bambo wa pakhomopo mtengo wa thumba la feteleza, ayankha osaphethira. Mufunseni kuti thonje anagulitsa zingati pa kilogalamu, akuuzani ndi dzina la wogula lomwe. Msodzi wa ku Lifuwu kapena ku Chikombe amadziwa malita a petulo amene injini yake imamwa usiku umodzi. Koma mukafunsa kuti nkhuni ndi makala zimadya ndalama zingati pachaka pakhomo pawo, onse amangoseka n'kunena kuti zimenezo akudziwa ndi mayi kukhitchini. Ndalama imeneyi imatuluka pang'onopang'ono, lero kamtolo, mawa kajumbo ka makala, ndiye siioneka. Kumene sagula, amalipira ndi miyendo ya amayi ndi atsikana, amene amafika kumadrasa mochedwa makosi akuwawa ndi mtolo.

Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo mitengo ikutha. Amene anakulira kuno akukumbukira kuti nkhuni ankatola kuseri kwa munda. Lero ulendo wake ndi wonyamula kamba. Nkhalango za Thuma ndi Dedza-Salima ndi zotetezedwa, ndipo lamulo la nkhalango limene linakhwimitsidwa mu 2020 lili ndi zilango zowawa kwa owotcha, onyamula ndi ogulitsa makala opanda chilolezo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, wa njinga wobweretsa makala naye anakweza mtengo, poti tayala, sopo ndi ufa zinamukwerera. Sitingamunene.

Nanga magetsi? Boma lathu lomweli la Salima ndi limene lili ndi malo aakulu opangira magetsi a dzuwa ku Nanjoka, a mamegawati 60, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021. Ndi chinthu chonyaditsa, komatu magetsiwo amalowa m'mawaya a ESCOM kupita dziko lonse, ndipo makomo ambiri akumudzi sanalumikizidwe. Olumikizidwawo nawo saiwala mdima umene unatsatira namondwe wa Ana mu January 2022, malo a Kapichira ataonongeka. Ambiri mayunitsi amasungira kuunikira ndi kutchaja foni, nsima n'kumaphika pamakala. Tinene zoona: kwa zaka zikubwerazi mphika wa ku Chinguluwe ukhalabe pamoto wa nkhuni. Mtengo wa mtolo sitingausinthe. Chimene chili m'manja mwathu ndi kuchuluka kwa mitolo imene timaotcha.

Apa ndiye pagona nkhani. Pamafuwa atatu, moto wambiri suphika kanthu. Amene amayeza zimenezi amati kutentha kumene kumalowadi mumphika kumangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10. Kwinako kumathawira m'mbali, kumapita ndi mphepo, kumasanduka utsi umene ukufiiritsa maso a mayi ndi kutsokomoletsa mwana ali kumbuyo. Tayerekezani kugula usipa ndowa 10, n'kukafika kumsika ndi imodzi yokha, zinazo zitatayikira m'njira. Palibe wamalonda angavomere. Komatu pamoto timavomera tsiku ndi tsiku. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-A'raf, imatiloleza kudya ndi kumwa koma imaletsa israf, kuononga mopyola muyezo. Timakonda kuiganizira israf pa nsima yotsala m'mbale. Ine ndikuona kuti nayo nkhuni yoyaka popanda chophika ili m'gulu lomwelo.

Choyamba kukonza sichifuna ndi tambala yomwe. Nkhuni yaiwisi, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo moto umayamba watha mphamvu pouma madziwo usanafike pa poto. Nkhuni ziwazidwe zing'onozing'ono, ziume, zisungidwe pansi pa denga, osati pamtetete. Poto avundikiridwe; mbale yachitsulo imakwanira ngati chivundikiro chinasowa. Nyemba, nandolo wouma ndi khobwe zinyikidwe m'madzi usiku wonse, mawa zipsa msanga. Ndipo moto usakolezedwe ndiwo zisanasadzulidwe, tomato asanadulidwe, ufa usanasefedwe. Ndi kangati timaona moto ukulilima, wophika ali kwa aneba kukapempha mchere?

Kenaka mbaula. Chitetezo Mbaula, ija youmba ndi dongo n'kuiotcha, si yachilendo kuno. Mu 2013 boma linalonjeza kuti mbaula zosunga nkhuni zokwana 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo pomafika 2020, ndipo Chitetezo ndi imene inafala kwambiri. Chinsinsi chake n'chapafupi: dongo limatchinga mphepo, limasunga kutentha, ndipo malawi amalunjika kunsi kwa poto. Ikagwiritsidwa ntchito bwino imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni. Tiwerengere limodzi. Khomo lotentha mitolo itatu pasabata limatha mitolo 156 pachaka. Kuchotsapo gawo limodzi mwa atatu ndi mitolo 52. Chulukitsani ndi mtengo wa mtolo kwanuko, muone ngati ndalamayo siikufika pa mbewu ya mtedza kapena yunifolomu ya ana. Ku Nkhata Bay, bungwe la RIPPLE Africa linafalitsa ina yotchedwa Changu Changu Moto, yomanga ndi njerwa zosaotcha ndi dothi m'khitchini momwemo, ya mapoto awiri, nsima uku ndiwo uku. Imeneyi munthu amamanga yekha akaonera mnzake kamodzi.

Tisabise, mbaulazi zili ndi madandaulo ake, ndipo ena ndi omveka. Chitetezo ikagwa imasweka. Siilandira chikuni chachikulu, ndiye pamafunika wina wogwira nkhwangwa. Abambo, ntchito imeneyi si yosiyira mayi yekha ayi. Mphika wa sadaka kapena wa pa nikah sukhalapo, ngakhale kuti pazochitika zotere kungokumba kadzenje n'kutchinga mafuwa ndi njerwa mbali zitatu kumachepetsa nkhuni moonekeratu. Koma dandaulo lalikulu ndi la agogo: ati mbaula ndi yomana, moto wake suotheka. Akunena zoona. Mbaula yabwino imatumiza kutentha ku poto, osati ku miyendo ya anthu. N'chifukwa chake makomo ena analandira mbaula, n'kuiika pakona, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

Yankho lake n'kulekanitsa zinthu ziwirizi, kuphika ndi kufunditsa thupi. Kuno kunyanja kuzizira ndi kwa miyezi iwiri kapena itatu, makamaka m'bandakucha. Si kwa ku Dedza. Palibe chifukwa chootchera nkhuni zochuluka chaka chonse pofuna kuotha mu June ndi July mokha. Nyumba yamalata yopanda siling'i imatentha ngati uvuni masana, usiku n'kuzizira msanga, pamene yaudzu imasunga mpweya wofunda. Amene anafolera malata angathe kuyala mphasa kapena bango kunsi kwa denga, m'chipinda chogona chokha ngati ndalama ndi yochepa. Zimathandiza m'chisanu, zimathandizanso mu October. Ming'alu ndi mipata ya khoma loyang'ana kumene mwera umachokera imatidwe, pansi pa chitseko paikidwe chiguduli. Wogona pansi ayale mphasa ziwiri kapena katoni kunsi, chifukwa simenti imakoka kutentha kwa thupi kuposa mphepo. Bulangete limodzi la pakaunjika limatha zaka, pamene thumba la makala silitha mwezi.

Madzi a udhu wa m'mawa nawo safuna moto wawowawo. Awiritsidwe pamakala otsala pophika nsima yamadzulo, athiridwe mu fulasiki, m'mawa angosakaniza ndi ozizira. Osamba ana, chigubu chakuda kapena chokutidwa ndi pulasitiki wakuda chikakhala padzuwa la Salima kuyambira m'mawa, pofika Asr madzi amakhala ofunda bwino.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha ma Sheikh athu achinene pa Jumu'ah chisanu chisanafike. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chogona chotseka. Makala akamanyeka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo tokoma, osadzukanso, ndipo umayamba kugwetsa ana ndi okalamba amene timafuna kuwafunditsawo. Makala ofiira osafuka utsi ndi amene amanyenga anthu kuti ngozi yatha, chonsecho mpweyawo ukutulukabe. M'mabuku a Hadith a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya nyumba ina imene inapsa usiku ku Madinah eni ake ali momwemo, ndipo Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, atamva analamula kuti moto uzizimitsidwa anthu akamapita kogona. Otherani panja kapena pakhonde, mukatha zimitsani.

Kudoko nkhani ndi yomweyi, kungoti kumeneko nkhuni ndi mpamba weniweni. Mayi wowamba mlamba ndi kampango, wofutsa kapena kukazinga usipa, akagula nsomba amagulanso nkhuni, ndipo phindu lake ndi chimene chatsala pakati. Kuwamba pa waya woyalidwa pamoto wapoyera kumataya utsi ndi kutentha komwe, nsomba zina kupserera, zina osauma mkati, n'kukaola zisanafike ku Lilongwe. Uvuni wanjerwa wotsekeka, wa mathireyi osanjikiza, umawamba nsomba zambiri ndi moto umodzi. Pali wina wotchedwa Chitofu 3-in-1, wopangidwa kuti azifutsirapo, kukazingirapo ndi kuwambirapo. Ku Cape Maclear ndi madoko ena anayesa timanyumba tapulasitiki toumitsira usipa ndi dzuwa, mopanda fumbi ndi ntchentche. Zimenezi n'zodula kwa munthu mmodzi, koma mutu umodzi susenza denga: gulu la amayi a banki m'khonde kapena komiti ya padoko ingathe kumanga umodzi n'kumalipiritsa pang'ono aliyense wogwiritsa ntchito. Asodzi asanene kuti kusintha n'kovuta. Si kale pamene usipa ankaukopa ndi nyali za palafini. Lero ambiri ali ndi mababu a batire, ndipo palibe anachita kuwakakamiza. Anangowerengera ndalama ya palafini.

Alimi ife tili ndi mwayi umene a m'tauni alibe: nkhuni zimatha kumera m'munda. Mbaula yadongo imayaka bwino ndi tinthu timene pamafuwa timangoti phulu n'kutha, monga zitsononkho, mitengo ya nandolo, nthambi zosadzula. Nandolo wobzala m'mizere ya chimanga amapereka ndiwo, amakonza nthaka, n'kusiyanso nkhuni. Keshya ndi gliricidia za m'malire a munda zikadulidwa bwino zimaphukanso. Zitsa zimene zikuphukira zokha m'munda musazitenthe. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo dulani mukaphikire. Msangu, umene umayoyola masamba nthawi ya mvula chimanga n'kumakondwa pansi pake, uja ndi wongosadzula, osagwetsa. Mitengo ya thonje ndiye tisamale nayo. Alangizi amatiuza kuizula ndi kuitentha tikatha kukolola kuti mbozi zisagonere chaka china. Kuitenthera kukhitchini m'malo mwa kumunda kungathandize, bola ithe msanga, isaunjikidwe kuseri kwa nyumba mpaka mvula. Funsani mlangizi wa dera lanu za tsiku lomaliza.

Chaka chino tiganizirenso za Ramadhan. Zaka zino mwezi wosala ukugwa m'dzinja, ndipo poti umabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, kwa zaka zingapo tikhala tikusala mvula ili pamutu. Ndi nthawi imene nkhuni zimakhala zonyowa, makala atakwera mtengo, ndalama za zokolola zitatha, chonsecho moto uyenera kuyaka madzulo pokonza zomasulira ndi usiku pokonza daku. Wanzeru aunjike nkhuni zake pouma mu September ndi October.

Pa daku pomwepa pali njira ina imene amayi ochepa akuidziwa. Tengani dengu lalikulu, muyalemo nsanza zoyera, bulangete lakale kapena thonje lotsalira, pakati musiye malo a poto, mukonzenso kapilo kovundikira pamwamba. Nyemba zonyika zibwate kwambiri pamoto kwa mphindi 20, kenaka poto wovundikira bwino alowe m'dengumo ali chiwirire, mutseke osatsegulanso. Pakatha maola atatu kapena anayi mupeza zafewa, popanda nkhuni ina. Mpunga umangofuna kubwata mphindi zisanu, m'dengu usathe ndi ola lomwe. Chakudya chikakhalitsamo mpaka kuyamba kuzirala, chibwatitseninso musanadye. Amene akukayika ayese kaye ndi mpunga wa Lachisanu likubwerali: autereke, aulowetse m'dengu abambo akamanyamuka kupita kumzikiti, akautsegule akamabwerako.