Kuyeza Shuga Kunyumba: Zimene Wodwala Watsopano Ayenera Kuphunzitsidwa

Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti anthu oposa 5 pa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga wokwera m'magazi. Munthu akangouzidwa kuti ali ndi matendawa, iye ndi abale ake amafunsa msanga ngati agule kachipangizo koyezera shuga kunyumba, kotchedwa glucometer. Yankho limadalira mankhwala amene wodwalayo wapatsidwa, komanso ngati pali wina woti aziona zotsatira zake n'kuchitapo kanthu.

Amene kuyeza kumawathandiza kwambiri

Odwala amene amadzibaya insulin ndiwo oyamba kuganiziridwa, makamaka amene ali ndi shuga wa mtundu woyamba. Insulin amatsitsa shuga ngakhale munthu asanadye, choncho mlingo wake suyenera kusinthidwa mongoyerekeza. Amayi oyembekezera amene ali ndi shuga nawonso amafunika kuyeza pafupipafupi. M'boma la Neno, makiliniki a PEN-Plus akhala akupereka tizipangizoti kwa odwala obaya insulin kuti aziyeza kunyumba n'kubweretsa zotsatira kwa madokotala.

Odwala amene akumwa glibenclamide amabwera pambuyo pake, chifukwa mankhwalawa amathanso kutsitsa shuga mopitirira, makamaka kwa okalamba, odwala impso, ndi amene adumphitsa chakudya.

Kwa amene akumwa metformin yekha nkhani ndi ina. Kafukufuku wa DiGEM wa ku England, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2007, ndi wina wa ku North Carolina m'dziko la America wa mu 2017, anafufuza odwala shuga wa mtundu wachiwiri osabaya insulin. Patatha chaka, amene ankayeza kunyumba sanasiyane kwenikweni ndi amene sankayeza pa mlingo wa HbA1c, umene umasonyeza mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Nambala yongoonedwa n'kuiwalidwa sisintha kanthu. Kwa banja la ndalama zochepa, ndi bwino kuonetsetsa kaye kuti wodwala akufika kuchipatala pa tsiku lake ndipo mankhwala sakumuthera, kusiyana n'kuthera ndalamazo pa ma strip.

Nthawi yoyezera ndi tanthauzo la nambala

Tizipangizo tina timawerenga mu mmol/L, tina mu mg/dL. Kuchulukitsa nambala ya mmol/L ndi 18 kumapereka ya mg/dL, kotero 7.0 ndi chimodzimodzi ndi 126. Wazaumoyo aone muyeso wa kachipangizo ka wodwala ndi kuulemba m'buku lake la kuchipatala.

Kwa akuluakulu ambiri amene si oyembekezera, cholinga ndi 4.4 mpaka 7.2 mmol/L asanadye, ndi pansi pa 10.0 patatha maola awiri chiyambireni kudya. Dokotala akhoza kukweza malirewa kwa okalamba kapena amene shuga wawo amatsika kawirikawiri.

Ma strip akakhala ochepa, kuyeza m'mawa mokha tsiku lililonse kumabisa zambiri. Ndi bwino kusinthasintha: lero m'mawa asanadye, mawa asanadye nkhomaliro, mkuja asanagone. Kuyeza asanadye ndi kubwerezanso patatha maola awiri kumamuonetsa wodwala ndi maso ake zimene mitanda itatu ya nsima, thobwa kapena tiyi wa shuga zimachita m'thupi mwake.

Zimene zimasokoneza zotsatira

Manja asambidwe ndi sopo n'kuumitsidwa bwino. Munthu amene wangodya mango kapena nzimbe amakhala ndi shuga pa zala, ndipo kachipangizo kamaonetsa nambala yokwera yabodza. Wobaya insulin akaikhulupirira n'kuwonjezera mlingo, moyo wake umakhala pangozi.

Abaye m'mbali mwa nsonga ya chala, pamene sipapweteka kwambiri, ndipo asafinye chala mwamphamvu. Ma strip amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, choncho kabotolo kake katsekedwe nthawi yomweyo ndipo kasasiyidwe padzuwa kapena pafupi ndi moto. Tsiku lothera mphamvu liziyang'anidwa. Kuchepa kwambiri kwa magazi m'thupi kumachititsa tizipangizo tina kuonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni.

Kasingano kobayira chala ndi ka munthu mmodzi. Kubwerekana kungafalitse HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Tisingano togwiritsidwa kale ntchito tisungidwe m'botolo lolimba lotsekeka n'kupita nato kuchipatala.

Shuga akatsika kapena akakwera kwambiri

Nambala yochepera 3.9 mmol/L ikutanthauza kuti shuga watsika. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi, kugunda kwa mtima mofulumira ndi kusokonezeka. Wodwala amwe masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga osungunulidwa m'madzi, kapena theka la kapu ya chakumwa chozizira chokhala ndi shuga. Ayezenso patatha mphindi 15, abwereze ngati nambala ikadali pansi, kenako adye chakudya chokhalitsa m'mimba. Ngati palibe choyezera koma zizindikiro zilipo, athandizidwe motero osadikira. Wokomoka asamwetsedwe kanthu. Agonekedwe chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala.

Ngozi imeneyi imakula pa nyengo ya dzinja pamene chakudya chachepa koma ntchito ya kumunda yachuluka, pa nthawi ya kusala kudya, munthu akamwa mowa osadya, komanso akadwala malungo aakulu. Abale a wodwala aphunzitsidwe zizindikirozi, chifukwa wosokonezeka sangadzithandize, ndipo anthu amatha kumuyesa woledzera.

Kachipangizo kakalemba HI, shuga wapitirira pamene kangathe kuwerenga. Wodwala asambe m'manja ndi kuyezanso, ndipo zikabwereza apite kuchipatala tsiku lomwelo. Shuga wokwera pamodzi ndi kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mozama kapena kuodzera ndi ngozi yosadikira mawa. Wodwala shuga wa mtundu woyamba asasiye insulin chifukwa choti akudwala kapena sakudya. Afunse kuchipatala mlingo woyenera.

Udindo wa azaumoyo ndi odzipereka

Wodwala ayeze yekha pamaso pa namwino asanachoke ndi kachipangizo. Kunyumba azilemba tsiku, nthawi, nambala, chimene anadya ndi mlingo wa mankhwala. Wosadziwa kulemba asankhe wachibale womulembera. Alangizi a zaumoyo ndi odzipereka akamayendera makomo aziona kope limeneli ndi malo osungira ma strip, koma kusintha mlingo kusiyidwe kwa dokotala kapena namwino wa kukiliniki.

Wodwala amene amakalipiridwa chifukwa cha nambala zokwera amatha kuyamba kulemba zabodza kapena kusiya kubweretsa kope. Kumufunsa modekha kuti, "Bambo, tsiku limeneli munadya chiyani, ndipo mankhwala munamwa nthawi yanji?" kumathandiza kupeza chimene chinachitika, ndipo dokotala amasintha mankhwala potengera nambala zoona.