IBM MQ Client

IBM MQ Client ndi pulogalamu yomwe imathandiza kompyuta ya pa desiki kutumiza ndi kulandira mauthenga kudzera mu IBM MQ yomwe ili pa makina ena. Nthawi zina makina enawo amakhala mainframe, kompyuta yaikulu kwambiri yomwe mabanki ndi makampani a inshuwaransi amagwiritsa ntchito. Ma mainframe a IBM ambiri amayendera z/OS.

Mbiri

Kampani ya IBM inatulutsa pulogalamu yotumizira mauthengayi mu 1993 ndi dzina loti MQSeries. Mu 2002 inayamba kutchedwa WebSphere MQ, ndipo mu 2014 inakhala IBM MQ. Ntchito yambiri yoikonza imachitikira ku Hursley m'dziko la England.

Mmene imagwirira ntchito

Mu IBM MQ, mapulogalamu awiri salankhulana mwachindunji. Ina imasiya uthenga pa mzere wotchedwa queue, ndipo inzake imadzautenga ikakonzeka. Mizere yonse imayang'aniridwa ndi pulogalamu yotchedwa queue manager. Pa z/OS dzina la queue manager silipitirira zilembo zinayi.

Client ilibe mzere wakewake ndipo sisunga uthenga uliwonse. Pempho lililonse imalitumiza pa netiweki, ndipo ntchito yeniyeni imachitikira pa mainframe. Choncho netiweki ikaduka, client singachitenso kanthu.

Kuti kulumikizana kutheke, munthu ayenera kudziwa zinthu zitatu: adiresi ya mainframe, nambala ya port, ndi dzina la channel, yomwe ndi njira yodutsamo mauthenga. Port yodziwika ya IBM MQ ndi 1414. Channel yolandira ma client ndi ya mtundu wa SVRCONN, ndipo pa z/OS imayendetsedwa ndi gawo lotchedwa channel initiator. Gawoli likakhala lozimitsidwa, palibe client yomwe ingalowe ngakhale queue manager ili moyo.

Chida chodziwika cha pa desiki ndi MQ Explorer, chomwe chimagwira ntchito pa Windows ndi Linux. Chimaonetsa mizere, ma channel komanso kuchuluka kwa mauthenga omwe akudikira.

Kusiyana kwa zilembo

Mainframe imasunga zilembo m'njira ya EBCDIC, pamene makompyuta a pa desiki amagwiritsa ntchito ASCII kapena Unicode. Mwachitsanzo, chilembo A ndi nambala 65 mu ASCII koma ndi 193 mu EBCDIC. Uthenga wochokera ku mainframe ukawerengedwa osasinthidwa, umaoneka ngati zizindikiro zopanda tanthauzo. IBM MQ imatha kuusintha ngati wowerenga wapempha kutero komanso ngati wotumiza analemba kuti uthengawo ndi wa zilembo.

Chitetezo

Channel yotseguka kwa aliyense ndi khomo lolowera m'makina osunga ndalama za anthu. Pa z/OS, zilolezo zimayang'aniridwa ndi mapulogalamu monga RACF. Malamulo a CHLAUTH amasankha yemwe angagwiritse ntchito channel, ndipo TLS imabisa zomwe zikudutsa pa netiweki.

Kulumikizana kukakanika, IBM MQ imapereka nambala yofotokoza chifukwa chake. Nambala 2035 imatanthauza kuti munthuyo alibe chilolezo, 2059 kuti queue manager sikupezeka, 2538 kuti makinawo sakuyankha pa adiresi ndi port zomwe zaperekedwa, ndipo 2085 kuti dzina la mzere silikudziwika.

Kuona ndi kutenga uthenga

Pali njira ziwiri zowerengera uthenga. Njira ya browse imangoonetsa uthenga n'kuusiya pa mzere. Njira ya get imauchotsa pa mzerewo. Munthu akagwiritsa ntchito get pa mzere wa banki pofuna kungoona zomwe zilimo, uthenga wa malipiro sufikanso ku pulogalamu yomwe imaudikira. N'chifukwa chake oyang'anira makina nthawi zambiri amapatsa zida za pa desiki chilolezo cha browse chokha pa mizere yomwe ikugwira ntchito yeniyeni, ndipo zoyeserera zimachitikira pa queue manager ina yapadera.