Kuwerengera nayitirojeni posinthanitsa feteleza wobereketsa

Yureya akasowa pamsika, alimi ambiri amagula feteleza wina wobereketsa n'kuthira matumba ofanana ndi omwe akanathira a yureya. Zotsatira zake, chimanga chimachita chikasu ndipo zokolola zimatsika. Chimene mbewu imafuna ndi kuchuluka kwa nayitirojeni, ndipo kuchuluka kumeneku kumasiyana malinga ndi mtundu wa feteleza. Masamu otsatirawa athandiza alangizi kupereka mlingo woyenera.

Mole ndi chiyani?

Monga dazeni imaimira zinthu 12, mole imaimira chiwerengero chokhazikika cha tizigawo ting'onoting'ono ta chinthu. Mole imodzi ya nayitirojeni imalemera magalamu 14, ya kaboni 12, ya okosijeni 16, ya haidirojeni 1, ndipo ya salufa 32.

Yureya amalembedwa CO(NH2)2. Muli kaboni mmodzi, okosijeni mmodzi, nayitirojeni awiri ndi haidirojeni anayi: 12 + 16 + 28 + 4 = 60. Choncho m'magalamu 60 a yureya muli magalamu 28 a nayitirojeni, omwe ndi 46.7 peresenti. Pathumba amalemba 46, kotero thumba la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni.

Sulphate of Ammonia, yemwe ambiri amamutcha SA, amalembedwa (NH4)2SO4. Mole yake imalemera magalamu 132, koma nayitirojeni ndi magalamu 28 omwewo, omwe ndi 21 peresenti yokha. M'thumba muli makilogalamu 10.5.

Kufananitsa mlingo

Tiyerekeze hekitala ya chimanga cha haibulidi yofuna makilogalamu 92 a nayitirojeni. Matumba awiri a feteleza wokulitsa wokhala ndi 23 peresenti amapereka makilogalamu 23. Otsala 69 amachokera m'matumba atatu a yureya.

Mlimi akathira matumba atatu a SA, wapereka makilogalamu 31.5 okha, osafika ndi theka lomwe. Kuti akwanitse 69, afunika 69 ÷ 10.5, pafupifupi matumba 6 ndi theka. Akagwiritsa ntchito CAN wa 27 peresenti, thumba lili ndi makilogalamu 13.5, ndiye afunika matumba 5. Pamunda wachitsanzo wa mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi, gawani mlingo wa pahekitala ndi 100: yureya akhala kilogalamu imodzi ndi theka.

Nayitirojeni sangosowa

Nayitirojeni yense wothiridwa amapita kwinakwake: wina amatengedwa ndi mbewu, wina amatsala m'nthaka, wina amakokoloka kapena kutsika ndi madzi, wina amauluka ngati mpweya. Yureya wosiyidwa pamtunda amataya wambiri mwa njira yomalizayi, choncho thirani m'dzenje pa nthaka yachinyezi ndi kukwirira. Kumbukiraninso kuti SA amawonjezera asidi m'nthaka akathiridwa chaka ndi chaka.

Alangizi, mlimi asanagule, werengani naye nambala ya N pathumba. Theka la nambalayo ndiwo makilogalamu a nayitirojeni m'thumba la makilogalamu 50, ndipo mtengo muuyerekeze ndi makilogalamu amenewo.