Kodi mumadziwa? Zipolopolo zochepa phokoso zimavutitsa mfuti zina

• Mfuti ya .22 ikalira, phokoso limachokera pawiri: kuphulika kwa wonga, ndiponso kuthetheka kwa mpweya chipolopolo chikathamanga kuposa liwiro limene mawu amayendera, lomwe ndi pafupifupi mamita 343 pa sekondi.

• Chipolopolo cha .22 Long Rifle chinatuluka mu 1887 ku America. Wonga wake umayaka kachitsulo ka mfuti kakamenya m'mphepete mwa chigoba, osati pakati.

• Zipolopolo za Quiet-22 za kampani ya CCI zimayenda mamita pafupifupi 216 okha pa sekondi, n'chifukwa chake sizisokosa kwambiri.

• Vuto la zipolopolozi limabuka pa mfuti zodzilowetsa zokha chipolopolo china, monga Ruger 10/22 yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1964. Mfutizi zimadalira mphamvu ya kuphulikako kuti chitsulo chotseka kumbuyo chibwerere, chilavule chigoba, kenako sipuling'i ichikankhe n'kulowetsa chipolopolo chatsopano. Wonga ukachepa, chitsulocho chimathera panjira ndipo chigoba chimakanirira. Zikatero wowombera amachita kukoka chitsulocho ndi dzanja nthawi iliyonse akawomba.

• Pothana ndi vutoli, CCI inapanga mtundu wina wolemererapo, wothamanga mamita pafupifupi 255 pa sekondi, womwe umatha kukankha chitsulocho.

• Akatswiri a mpikisano wowombera chandamale amakonda zipolopolo zosafika pa liwiro la mawu chifukwa sizigwedezeka panjira.

• Kuchepa phokoso si kuchepa ngozi: chipolopolo chotere chimatha kupha munthu.