Kumira m'madzi uli pamwamba pa phiri: zimene zimachitikira mapapo pa Cho La

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mvula ikangokata ku Nepal, alendo ogona pa kamudzi ka Dzongla amadzuka kudakali mdima, tochi zili pamphumi, kuti awoloke mpata wa Cho La dzuwa lisanafewetse madzi oundana n'kuyamba kugwetsa miyala. Mpatawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 5,400 ndipo umalumikiza njira yopita ku Everest Base Camp ndi chigwa cha Gokyo. Chakum'mawa kwake munthu amayenda pamwamba pa chimtsinje cha madzi oundana chokhala ndi ming'alu, chakumadzulo amatsika chiphedi cha miyala yogumuka mpaka kukafika ku Thagnag. Nyengo yomweyi ndi imene mahelikoputala sapuma m'chigwa cha Khumbu, ndipo madokotala a pa kachipatala ka ku Pheriche, kamene kamayendetsedwa ndi bungwe la Himalayan Rescue Association lomwe linakhazikitsidwa mu 1973, amalandira anthu amene masiku ochepa apitawo anali athanzi labwino kuposa ambiri a ife.

Anzathu ofuna kuyesa mapiri oterewa akuchuluka. Ambiri amayang'ana Kilimanjaro chifukwa ali pafupi, ena ochepa amalota za Nepal. Ndipo pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri kwa okonzekera ulendo, mawu amene amandipweteketsa mutu: "Ine ndimathamanga m'mawa uliwonse, Mulanje ndinakwera osapuma, zoti n'kudwala phiri ayi." Sapitwa, nsonga ya Mulanje, ndi mamita 3,002. Ndege yopita kudera la Everest imakutsitsa pa Lukla, mamita 2,860, ndipo pofika tsiku lachiwiri umakhala ukugona pa Namche Bazaar, mamita 3,440, tauni yokhala ndi masitolo ndi malo ophikira buledi. Kumene Mulanje wathera, ulendo wa Cho La umakhala usanayambe n'komwe.

Mpweya wa pamwamba pa Cho La uli ndi okosijeni wofanana ndi wa ku Nsanje tikawerengera magawo: 21 pa 100 alionse. Chimene chimachepa ndi kupanikizana kwa mpweyawo, moti pa mamita 5,500 kupuma kumodzi kumalowetsa pafupifupi theka la okosijeni amene munthu akanakoka ali m'mbali mwa nyanja yamchere. Kachipangizo koyezera okosijeni wa m'magazi, kopana pachala kaja, komwe tonse tinakadziwa m'nthawi ya Covid-19, kamaonetsa cha m'ma 80 kapena kutsikirapo ngakhale kwa munthu amene akupeza bwino. Thupi limayankha mwa kupuma msangamsanga. Koma kupuma koteroko kumatulutsa mpweya woipa wochuluka kuposa muyezo, asidi wa m'magazi amachepa, ndiye ubongo umalamula kuti kupumako kubwerere m'mbuyo. Mkangano umenewu umathetsedwa ndi impso, zimene zimayamba kutaya mchere wotchedwa bicarbonate kudzera mu mkodzo kuti magazi abwerere m'chimake, ndipo ntchitoyi imatenga masiku. Palibe mpikisano wothamanga umene ungafulumizitse impso. Mankhwala a acetazolamide, omwe ambiri amawadziwa ngati Diamox, amangokakamiza impso kuchita ntchito yomweyi msanga, n'chifukwa chake womwa amakodza pafupipafupi ndipo zala zake zimachita dzanzi.

Zimenezo n'zodziwika. Chimene chimandichititsa chidwi, ndipo ndikufuna tichione bwinobwino, ndi khalidwe lachilendo la mitsempha ya magazi ya m'mapapo.

M'thupi lonse, mbali ina ikasowa okosijeni, mitsempha yake imatseguka kuti magazi ambiri afikeko. M'mapapo zimachitika mosemphana: pamene pachepa okosijeni, mitsempha ya pamenepo imafinyika. Akatswiri awiri a ku Sweden, Ulf von Euler ndi Göran Liljestrand, ndi amene anafotokoza zimenezi mu 1946. Poyamba zimamveka ngati thupi lasokonezeka, koma ndi nzeru yakuya. Taganizirani munthu wodwala chibayo, amene kachigawo kena ka phapo lake kadzaza mafinya ndipo mpweya sukulowamo. Kutumiza magazi kumeneko n'kungotaya nthawi, chifukwa adzabwerako opanda kanthu. Choncho mitsempha ya pamalo odwalawo imadzitseka, magazi n'kukhotera kumene kuli mpweya wabwino. Ana ambiri amene anachira chibayo m'zipatala zathu anathandizidwa ndi kachitidwe kameneka popanda wina kukatchula.

Tsopano mutengeni munthu yemweyo mukamuike pa Dzongla, mamita pafupifupi 4,800. Kumeneko si kachigawo kamodzi kamene kakusowa okosijeni, ndi mapapo onse awiri, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mitsempha yonse imalandira lamulo limodzi loti ifinyike, koma mtima sunasiye kupopa, ndipo magazi onse a m'thupi ayenera kudutsabe m'mapapomo. Kuthamanga kwa magazi mu mtsempha waukulu wopita kumapapo kumakwera. Choopsa kwambiri n'chakuti mitsemphayi sifinyika mofanana. Ina imatseka kwambiri, ina imangotsekako pang'ono. Aliyense amene anathirirapo dimba ndi ngalande akudziwa chimene chimachitika ukatseka timifuleni tambiri n'kusiya tiwiri tokha, madzi akubwerabe ndi mphamvu yomweyo: tiwirito timasefukira ndipo m'mbali mwake mumagumuka. M'mapapo, timitsempha timene tasiyidwa totseguka n'topyapyala kwambiri, chifukwa tinapangidwa kuti mpweya uzidutsa mosavuta. Tikapanikizika timayamba kudontha. Madzi a m'magazi, kenako ngakhale timaselo tofiira, amalowa m'timatumba ta mpweya.

Apa m'pamene zinthu zimazungulira moipa. Kathumba kodzaza madzi sikalandira mpweya, ndiye okosijeni amachepanso, mitsempha imafinyika kwambiri, kupanikizika kumakwera, madzi ena amadontha. Munthu amayamba ndi kutsalira m'mbuyo pa mzere, kenako kutsokomola kouma, kenako phuma ngakhale atakhala pansi osachita kanthu. Kumapeto amatulutsa makhololo a thovu ofiirira, milomo itada, m'chifuwa mukumveka kuwira. Nthawi zambiri zimayamba usiku wachiwiri mpaka wachinayi chifikireni pamalo okwera, ndipo usiku ndi umene umaipitsa zinthu chifukwa munthu akagona amapuma mosakwanira. Madokotala amawatchula matendawa mwachidule kuti HAPE, ndipo pa matenda onse a m'mapiri ndi amene apha anthu ambiri.

Funso loti nanga mphamvu za munthu zikulowa pati likuyankhika lokha. Kufinyika kwa mitsempha ya m'mapapo n'kobadwa nako. Ena mitsempha yawo imafinyika mwaukali, ena pang'ono, ndipo masewera olimbitsa thupi sasintha chibadwa chimenechi. Choonjezera, kugwira ntchito yolemetsa kumakweza kuthamanga kwa magazi m'mapapo, kuzizira nakonso kumakweza. Ndiye wothamanga uja, amene amadutsa anzake onse pa chitunda, amene amaona tsiku lopuma pa Namche ngati kutaya ndalama, ndi amene akudzikankhira yekha pangozi. Gogo woyenda pang'onopang'ono ndi ndodo, wogona paliponse pamene womutsogolera wanena, kawirikawiri amafika.

Mbiri ili ndi umboni. Mu 1891 dokotala wachinyamata wa ku Chamonix, Dr Jacottet, anadwala ali m'kanyumba ka Vallot pa phiri la Mont Blanc, pamtunda wa mamita opitirira 4,300. Anakana kutsika ndipo anafera komweko. Lero akatswiri ambiri amakhulupirira kuti chinamupha ndi madzi a m'mapapo omwewa. Mu 1913 dokotala wa ku migodi ya kumpoto kwa Chile, Thomas Ravenhill, anafotokoza matendawa momveka, koma kwa zaka zambiri okwera mapiri akafa motere anthu ankangoti chinali chibayo kapena mtima. Mu 1960 Charles Houston analemba m'magazini ya New England Journal of Medicine za mnyamata wa zaka 21 amene anadwala akuwoloka mpata wina m'mapiri a ku Colorado. Mtima wake unali wabwinobwino, analibe chibayo, ndipo atamutsitsa anachira. Anali mnyamata wamphamvu woti n'kuyenda pa chipale chofewa masiku angapo.

Bodza la mphamvu lili ndi abale ake. M'nyumba zogona alendo za ku Khumbu amagulitsa msuzi wa adyo, ndipo alendo amauzana kuti ndiwo mankhwala a phiri. Ndi msuzi wokoma, umatenthetsa m'mimba, koma palibe umboni woti umateteza munthu ku matenda amenewa. Ena amati ingomwani madzi ambiri. Kusowa madzi m'thupi kumapweteketsadi mutu, koma malita ambirimbiri sangatsegule mtsempha umodzi wa m'mapapo, ndipo kumwa mopitirira muyezo kumasungunula mchere wa m'magazi n'kubweretsa vuto lina. Bodza limene limandikwiyitsa koposa ndi loti onyamula katundu sadwala chifukwa ndi a komweko. N'zoona kuti a mtundu wa Sherpa, monga anthu a ku Tibet, ali ndi chibadwa chowathandiza kukhala pamwamba, ndipo asayansi anachipeza mu 2010 m'jini yotchedwa EPAS1. Koma ambiri mwa onyamula zikwama za alendo si a Sherpa. Ndi alimi ochokera m'zigwa zotsika amene abwera kudzafuna ndalama, ndipo matupi awo ndi achilendo pa Cho La ngati la mlendo wochokera ku London. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo asenza katundu wolemera, zovala zawo n'zosakwanira, ndipo amaopa kunena kuti adwala poopa kutaya malipiro.

Kwa ife pali msampha wina wapadera. Matenda a phiri akamayamba amabwera ndi mutu, nseru, kufooka, chizungulire ndi kusafuna chakudya. Munthu wokulira kwathu akamva zimenezi amadziwa kale dzina lake: malungo. Amameza panado, mwina ndi LA amene ananyamula m'chikwama, n'kupitiriza kukwera mawa lake. N'zotheka ndithu kuti munthu wochokera kudera la udzudzu adwale malungo ali ku Nepal, koma mutu umene wayamba utangokwera kupitirira mamita 2,500 uyenera kutengedwa ngati wa phiri mpaka dokotala atanena zina. Ukaunyalanyaza, kwa ena umafika potupitsa ubongo. Chizindikiro chake n'kudzandira ngati woledzera, kulephera kuyenda pa mzere wowongoka chidendene chikugunda chala, kuyankhula zosagwirizana, kenako kukomoka. Munthu wotere sathanso kudziweruza yekha, ndipo akanena kuti ali bwino sayenera kumveredwa.

Cho La amaonjezera zovuta zake pa zonsezi. Phiri wamba ukalephera umangotembenuka, koma mpata umakukoka kuti upitirire chifukwa katundu wako ndi anzako ali kale kutsidya. Ndipo kutsidyako sikotsika kwenikweni: Thagnag ali pa mamita pafupifupi 4,700, ndipo wopitirira ku Gokyo ayenera kudutsa Ngozumpa, chimtsinje cha madzi oundana chachitali kuposa china chilichonse ku Nepal, n'kukagonanso pamtunda wofananawo. Wodwala amene wadzikoka mpaka kuwoloka sanapeze mpumulo umene mapapo ake akufuna. Maso nawonso amapsa. Chipale chatsopano chimabweza mpaka magawo 80 pa 100 a cheza choopsa cha dzuwa, ndipo woyenda wopanda magalasi akuda samva kanthu masana, ululu umadzabwera usiku, maso ngati athiridwa mchenga.

Malangizo ake ndi ochepa ndipo akhala omwewo kwa zaka zambiri. Mukapitirira mamita 3,000, malo ogona asakwere ndi mamita oposa 500 pa usiku umodzi, ndipo muzipuma tsiku lathunthu pakatha masiku atatu kapena anayi. Wodwala asakwere. Amene akubanika atakhala pansi, kapena akudzandira, atsike nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, ndipo asatsike yekha. Kutsika mamita 500 mpaka 1,000 kumasintha zinthu modabwitsa. Okosijeni wa m'botolo, mankhwala a nifedipine otsegula mitsempha ya m'mapapo, dexamethasone wa ubongo, ndi chithumba chopopera mpweya chotchedwa Gamow zonse n'zongogulira nthawi yoti munthu atsike.

Chomaliza chikukhudza ife a kuno ku Africa kuposa alendo ambiri oyenda njira imeneyi. Pali anthu amene anatengera jini ya sickle cell kwa kholo limodzi lokha. Sadwala, ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nayo, ndipo ena ndi akatswiri a masewera. Pamalo okwera kwambiri, okosijeni akachepa, maselo awo ofiira amatha kupindika n'kutseka mitsempha ya mu kapamba, munthu n'kumva ululu woopsa kumanzere pansi pa nthiti. Kuyezetsa magazi kuti mudziwe ngati muli nayo kumachitika m'zipatala zikuluzikulu, ndipo ndi bwino kutero musanagule tikiti ya ku Kathmandu kapena ya ku Kilimanjaro.