Kabzalidwe ka Mapira

Ife a ku Domwe timadalira chimanga. Koma chilala cha 2016 ndi cha 2024 chinaumitsa chimanga m'minda yambiri ya ku Tete. Mapira amapirira dzuwa kuposa chimanga. Tiyeni tiphunzire kuwabzala bwino.

Mapira alipo a mitundu iwiri. Amakolo ndi aatali. Amaposa munthu, ndipo amacha pakatha miyezi 5 kapena 6. Ena ndi aafupi, monga Macia wa kuno ku Mozambique ndi Pilira wa ku Malawi. Awa amacha pakatha miyezi pafupifupi 4.

Alimi ena amangomwaza mbewu m'munda. Pamenepo mapira amamera mothithikana apa, motalikana apo. Othithikana amalimbirana madzi ndi chakudya cha m'nthaka. Mapesi ake amaonda, ngala zimachepa. Kupalira kumavutanso.

Bzalani pa mizere. Mizere italikirane masentimita 75. Phando lisazame kuposa masentimita 5, chifukwa njere ya mapira ndi yaing'ono.

Mtundu uliwonse uli ndi mpata wake. Mapira aatali ali ndi masamba ambiri, choncho afuna malo. Mapando ake atalikirane masentimita pafupifupi 45. Mukawapanikiza amagwa ndi mphepo. Mapira aafupi abzalidwe moyandikana, masentimita pafupifupi 30. Mukawatalikitsa, munda umakhala ndi ngala zochepa, ndipo udzu umalanda malo.

Pakapita masabata 2 kapena 3 mbewu zitamera, patulirani nthaka ili yonyowa. Siyani mbewu ziwiri pa phando.

Kuno ndi kumapiri, kumazizira. Mapira akachita maluwa m'nyengo yozizira, ngala zimakhala zopanda njere zambiri. Nchifukwa chake tibzale ndi mvula yoyamba. Aatali asachedwe konse. Tikabzala mudzi wonse nthawi imodzi, mbalame sizithera m'munda wa munthu mmodzi.

Mbewu ya chaka chamawa isankhidwe m'munda, tisanakolole. Tengani ngala zazikulu, zopanda matenda, za pakati pa munda. Za m'mbali zimasakanikirana msanga ndi mtundu wa mnansi. Ziumitseni bwino, ndipo musunge mtundu uliwonse pawokha.

Mafunso okambirana

1. Kumwaza mbewu kuli ndi kuipa kotani?
2. Ndi mapira ati afuna mpata waukulu? Chifukwa chiyani?
3. M'mudzi mwanu muli mitundu iti ya mapira? Lembani maina ake.